Manja Omaliza pa Chifuwa cha a Njobvu

Malemu bambo Stanislaus Njobvu anabadwa pa 9 Malichi 1974 kwa Kalindawalo. Sukulu anaphunzila ku Petauke, ndipo mu 1998 anatsiliza maphunzilo a chithandizo cha mwadzidzidzi. Mu 2000 anakwatila amai Rachael Sakala a ku Luembe, amene atipempha kuti lelo tisabise kanthu.

Mu 2003 anayamba ntchito ya pa ambulansi ku Nyimba. Ankati mtima ukaima munthu sanafe, amamupha ndi anthu openyelela. Mgonekeni pouma, dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka makumi atatu, muuzileni mpweya kawili, osaleka mpaka makina odzutsa mtima afike. Nthiti ikathyoka ithyoke, imapola.

Mu 2016 amai Consolata Mumba, ogulitsa nthochi, anagwa pamsika ku Nyimba. Malemu anang'amba bulauzi yawo kuti amate makina aja, nawauzila mpweya pakamwa, anthu akuona. Mtima unadzuka. Koma nkhani inafika kunyumba ambulansi isanabwelele, ndipo inafika itathilidwa mchele. Amai Rachael nsanje inawagwila, nsanje yeniyeni yosagonetsa tulo. Nthochi zimene a Mumba ankatumiza pothokoza zinkathela kukhola la nkhumba. Malemu akaika thumba la chimanga pakhonde kuti aphunzitse akazi awo kudinikiza, iwo ankati akaphunzitse wa nthochi wawoyo. A Mumba anaphunziladi, pamodzi ndi amai anzawo a kutchalitchi.

Mu 2021 malemu anapezeka ndi matenda othamanga magazi. Pa 6 Juni chaka chino, akutola thonje kumunda kwawo ku Ndake, anagwa chafufumimba. Amai Rachael anachita zimene tonsefe tinazolowela: anawathila madzi, anawakupizila chitenje, kenako anayamba kulila malilo. Mphindi zinapita. Kulilako kunaimitsa njinga ya a Mumba, amene ankadutsa pamsewu. A Mumba anagwada, nawatembenuza malemu, naika manja pachifuwa, makumi atatu ndi kawili, makumi atatu ndi kawili, kwa mphindi makumi anai. Amai Rachael anangogwila mapazi a amuna awo, osadziwa poika manja. Anzawo a pa ambulansi atafika anauza onse kuti achokepo, anawomba ndi makina katatu, anabaya jakisoni, koma mtima sunayankhe.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, Febian, Misozi ndi Vivian, komanso zidzukulu ziwili. Tikuthokoza mpingo, anzawo a kuntchito, azimai amene agona pano, ndi anyamata okumba manda.

Amai Rachael akuthokoza a Mumba pamaso pa nonsenu. Akuti za pamsika zija zinali zabodza, ndipo mumtima ankadziwa. Koma nsanje sinathe, yakula, chifukwa patatha zaka makumi awili ndi zinai za ukwati, mpweya womaliza kulowa m'chifuwa cha amuna awo sunali wawo. Thumba lija likadali pakhonde. Apempha a Mumba kuti malilo akatha abwele adzawaphunzitse.

A Njobvu, manja anu apumule, mzimu wanu uuse mumtendele.