Magalasi a Bambo Uladi

Abwana oyang'anira ntchito, akapitawo nonse, Mayi Vaileti akunyumba kwa a Uladi ndi ana, anzanga okonza misewu, ndakulonjerani. Inu mwatsamira khomalo musaope. A Uladi aliyendera kale.

Ine ndine Goodson. Amdala awa, amene lero akupuma pantchito, ndagwira nawo ntchito kuyambira nthawi imene boma linkagawa minda ija.

Munthu wabwinobwino akaona mapiri a ku Bvumba amati, kukongola! A Uladi amati, "Apa pansi panathyoka. Mbali iyi inakwera, iyo inatsika, ndipo sizinamalize." Kupita nawo kokayenda ndi kudziputira.

Akapeza mng'alu pathanthwe kapena pakhoma, amamatapo kagalasi ndi simenti. Galasi likasweka, ndiye kuti nthaka yasuntha. Magalasiwo ankawatenga kuti? Mayi Vaileti, musayankhe. Kabati yanu tonse tinaiona.

Galasi loyamba litasweka anatseketsa msewu tsiku lathunthu, mabasi ali ndondondo. Titakwera kukaona, tinapeza nyani atakhala pomwepo, mwala uli m'manja. Anatiyang'ana. Ifenso tinamuyang'ana. Msewu unatsegulidwa.

Ine nditalandira kamunda ku Bvumba komweko, ndinamanga nyumba m'munsi mwa phiri. Tsiku lolowa, ena anabweretsa mbale, ena nkhuku. Awa anabweretsa galasi. Analimata pakamng'alu kuseri kwa chipinda cha mwana wanga Shylet.

Zaka zinapita. Chaka china mvula inagwa mosalekeza, kenako kunabwera kachivomerezi kongogwedeza makapu. M'mawa mwake ndinangoona lole pakhomo, a Uladi akukweza mabedi anga osaodira n'komwe. Galasi lija linali litasweka.

Ndinati, "Achimwene, si nyani ameneyu?"

Iwo anati, "Ngati ndi nyani, mawa ndibweza katundu ndekha. Shylet, kwera."

Mawa lakelo kunalibe kobwezera. Phiri linagumuka masana omwewo. Linalowera kuchipinda cha Shylet, matope ndi miyala mpaka padenga.

Shylet ndi uyo akugawa zakumwayo. Lero ali ndi ana ake awiri.

Achimwene anga, pamenepa nthabwala ndilibe. Munandipulumutsira mwana, ndipo ndidzafa ndikukuthokozani. Maita basa, monga amathokozera anzathu akuno.

Mphatso yathu ndi magalasi atsopano a kabati. Tapereka m'manja mwa mayi, osati mwanu. Kapumeni bwino kwanu ku Murambi, ndipo makoma a eni ake muwasiye.

Tiyeni tiwaombere m'manja. Koma mwaulemu, abale. Holo ino ili m'munsi mwa phiri.