Kalata Imene Sinafike kwa ba Mweemba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Kafue. Ndikufuna ndikuuzeni za mlandu umene unandidya mumtima zaka zambiri, ndi mmene Mulungu ananditulira mtolowo.

Nthawi ija boma linkagulitsa makampani, ine ndinkayang'anira makompyuta pa fakitale ina. Mabwana atsopano anafuna kuti maimelo athu azikhala pa seva yathuyathu, kompyuta yolandira ndi kusunga makalata, ndipo anandiuza kuti ndisankhe pulogalamu yake. Ndinasankha yokongola maonekedwe, osafunsa mmene imasungira makalata. Onse inkawaunjika mufayilo imodzi. Tsiku lina masana malaiti anazima, fayiloyo inawonongeka, zonse zinapita.

Mkati mwake munali uthenga wa ba Mweemba, okonza makina pafakitalepo. Mlongo wawo anawalembera kuchokera ku Livingstone kuti amayi awo ali kayakaya. Ba Mweemba anamva maliro ataikidwa kale. Sanandikalipire. Anangoima pakhomo la ofesi yanga, chipewa m'manja, kenako n'kutembenuka.

Pasanapite nthawi tonse anatichotsa ntchito, koma maso awo aja sanandichoke. Kompyuta ikamalira, ndinkamva ngati mayi akuitana mwana wake. Ndikaona ba Mweemba pamsika, ndinkabisala pakati pa ogulitsa nsomba za ku Chanyanya. Kutchalitchi anzanga akamalumpha ndi kuimba, ine ndinkalephera kuimba nawo. Pemphero langa linali limodzi: "Atate, ndichitireni chifundo."

Loweruka lina m'mawa ba Mweemba anagogoda pakhomo panga, njinga itatsamira mpanda. Tsopano anali wapampando wa gulu la alimi ku Shimabala, ndipo ankafuna seva ya maimelo yolankhulirana ndi ogula masamba awo.

"Ba Mweemba, ine? Pambuyo pa zija?" ndinafunsa.

"Iwe ndiwe udziwa kuwawa kwa kalata yotayika," anatero. "Wina sangasamale monga iwe. Tiye."

Ndinayesa mapulogalamu atatu pa kompyuta yakale. Iliyonse ndinkaitumizira makalata, kenako n'kuzula waya kukhoma, iwo akuyang'ana. Awiri anataya makalata. Yachitatu, yaulere koma yovuta kuika, inkasunga kalata iliyonse payokha. Nditayatsanso, onse analipo. Ba Mweemba anagwada pasimenti, nanenso ndinagwada, tinalira tonse awiri.

Amayi aja ndimawalotabe nthawi zina, ngakhale nkhope yawo sindinaionepo. Koma tsopano ndikadzuka ndimatha kupemphera. Ndikuthokoza Yesu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinkamuthawa. Iwe amene ukubisala chifukwa cha cholakwa chako, usaleke kugwada. Chifundo chake chikudziwa kumene wabisala. Amen.