Ndinayankhula Apongozi Atatembenukira Kukhoma

Aulutsi, chonde dzina langa musalitchule. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndinatengedwa chitengwa kuno ku Ntcheu.

Amuna anga atamwalira, apongozi anga aamuna anafuna kundilanda munda wa mpunga wa kusikimu. Nkhani inakafika ku bwalo la boma loona za malo. Woweruza anali mayi wa magalasi. Anatiuza kuti adzagamula potengera zimene amve kwa tonse awiri.

Apongozi anayankhula nthawi yaitali. Kenaka woweruza anati, "Nanga inu mayi, mukuti bwanji?"

Kwathu mkamwana sayankhula pamaso pa apongozi. Ngakhale panjira timapatuka. Ndinagwada pansi, mwana akulira kumsana.

"Mukakhala chete ndigamula nditangomva mbali imodzi," anatero woweruza. Ndinadziwa kuti munda ukupita, koma ndinangoyang'ana pansi.

Apongozi anaseka. "Mwaonatu, alibe mawu ameneyu."

Woweruza anandiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Bambo, tembenuzani mpando wanu uyang'ane kukhoma. Mumve zonse, koma musamuone."

Apongozi atatembenuka, ndinayankhula ndikuona msana wawo. Ndinafotokoza za ngalande imene ndinakumba ndili ndi pakati, ndi mpunga umene ukudyetsa mwanayu.

Munda anagamula kuti ndi wanga, koma mantha sanathe. Ndikukhalabe pamudzi pa apongozi, ndipo galu akauwa kunja mtima umagunda. Amayi anzanga, mukaitanidwa kayankhuleni, koma dziwani kuti woweruza sabwerera nanu kumudzi. Mwana wanga akathamangira kwa agogo ake, mpaka lero amamupatsa msana womwe uja.