Mawu Anga, Nkhope ya Wina

Mwaghona, abale ndi alongo! Aleluya! Ine ndine Tusekile, amake Lusekelo, wa konkuno ku Karonga. Chichewa changa n'chopindika, koma mundimva.

Mukuikumbukira nyimbo ija inakhala nambala wani pa wailesi milungu yambirimbiri? Ija inkalira m'minibasi iliyonse, kuchokera ku Songwe mpaka ku Chilumba? Mawu aja ndi anga. Anga! Ndinaipeka ine ndikupalira mpunga. Amuna anga ankangoimba gitala m'gulu lawo loimba.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwana saonana ndi apongozi aamuna. Ukawaona patali umapatuka, chitenje kumutu. Ndiye amuna anga anati, "Amake Lusekelo, nkhope yanu ikakhala pachimbale, adada akaiona pamsika. Mufuna kutichititsa manyazi?" Ine ndinavomera. Ndinkayesa ndi ulemu. Uchitsiru wake!

Nyimbo zinaphulika, imodzi, ziwiri, mpaka zisanu ndi ziwiri. Kenako anazisonkhanitsa zonse m'chimbale chimodzi, ati nyimbo zopambana za gulu lawo. Ndinachiona m'sitolo pa boma. Pachikuto pali mtsikana wa ku Lilongwe, tsitsi logula, dzina lake m'malembo akuluakulu. Langa? Ngakhale kumbuyo, kumene anathokoza mpaka dalaivala, mulibe!

Tsiku lokhazikitsa chimbalecho ndinapita. Abale anga, mtsikana uja akungoyasamula pakamwa, mawu anga akutuluka m'masipika. Chinkhonde cha m'nyimbomo sachimva n'komwe! Ndinauza wapageti, "Woimbayo ndine." Anaseka. "Mama, pitani mukagulitse nthochi."

Ndinabwerera wapansi, mtima ukuwira. Ndinasiya kuimba, ngakhale kwaya. Kupemphera ndinasiyanso. Ndinkangoti, Kyala, Mulungu wanga, munandipatsiranji mawu amenewa?

Koma Mulungu sagona. Lamulungu lina masana apongozi aakazi anabwera. "Adada akukuitana. Ukakhale kuseri kwa nyumba." Ndinakhala kuseriko, pansi pa zenera. M'katimo munali mdala, apongozi anga aamuna aja, ndi amuna anga.

Mdala anati, "Zaka khumi ndi ziwiri, nkhope ya mkamwana wanga sindinaione. Koma akamapuntha mpunga amaimba, ndipo ndimamva. Iwe ukuyesa ndine gonthi? Mwambo unati ndisamuone. Sunati umubere. Ndipo wamubera m'dzina langa!"

Kenako analamula amuna anga:

"Tenga foni. Imba ku wailesi, pulogalamu ya nyimbo zotsogola ili m'kati."

Anaimbadi foniyo, abale. Anaulula kuti woimba nyimbo zija ndine, anatchula dzina langa, dziko lonse likumva. Ine kuseriko ndinalira mpaka chitenje chinanyowa. Aleluya!

Sindikunamizani, mkwiyo sunathe. Zimbale zija zikugulitsidwabe ndi nkhope ya wina, ndipo ndikaziona ndimayang'ana kumbali. Amuna anga akukhala kwaokha. Kukhululuka ndikuphunzirabe, mundipempherere. Ndipo inu azibambo muli panonu, musamabise kuba kwanu m'mwambo. Mwamva? Musamabise kuba m'mwambo!

Lero ndikuimbanso. Ndajambula chimbale changa, nyimbo zanga zisanu ndi ziwiri zija, ndi imodzi yothokoza Mulungu. Dzina langa lilipo, nkhope yanga ilipo. Woyamba kugula anali mdala. Anatuma apongozi aakazi, iwo anamata pepala pachithunzi changa, dzina lokha n'kulisiya poyera. Mdalayo amachiliza m'mawa uliwonse, mpaka oyandikana nawo akudandaula.

Ndaga fijo, Kyala, zikomo kwambiri. Ameni!