Bambo Petulo Shawa ndi Mpeni Wawo Wopinda

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1954 ku Chiparamba, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mu 1963, koma analekezera giledi seveni bambo awo atamwalira. Nguluwe zinkatha chimanga cha mayi awo, choncho anayamba uzimba, osati mwamasewera ayi, koma poteteza chakudya cha abale awo.

Mu 1975, akusenda insa, mpeni wopinda wotchipa umene anali nawo unatsekeka wokha n'kuwadula chala chamkombaphala chakumanja. Ambiri ankati uzimba wathera pomwepo. Bala litapola, anayenda wapansi mpaka m'tauni ya Chipata nazungulira masitolo tsiku lonse. Mpeni uliwonse ankautsegula, kuukankha kumsana kuti aone ngati ungapindike wokha, kuugwedeza kuti amve ngati ukulira pamfundo, n'kuuyesa m'dzanja lawo la zala zinayi. Eni masitolo anatopa nawo. Anabwerera chimanjamanja kawiri konse, ndipo anaupeza pa ulendo wachitatu: wachigwiriro chamtengo, wosatalika kuposa chikhatho chawo.

Mu 1978 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Rosina Mbewe. Mayiwa akuchitira umboni kuti malemu akachokera ku uzimba sankamwa ngakhale madzi asanasamale mpeni. Ankautsuka magazi ndi ubweya, kuchotsa mchenga pamfundo ndi nthenga ya nkhuku, kuupukuta mpaka uume, kenaka kudonthezera mafuta a makina osokera. Ankaunolera pa mwala wawo wakumtsinje, ndi madzi, mosafulumira. Kutsegulira chitini kapena kukumbira mbewa sankalola ngakhale pang'ono. Mawu awo anali akuti mpeni wobuntha ndi umene umacheka mwini wake.

Mu Okutobala 1992, chaka cha chilala, anapita kosaka ndi mnzawo Bambo Alfonsi Daka, amene akhala pa mpando wakutsogolo apa. Anthu ena anatentha tchire, ndipo moto unabwera ndi mphepo. Pothawa, Bambo Daka anakodwa mwendo mu khwekhwe la chingwe cha nayiloni lotcherera nguluwe. Mpeni wa Bambo Daka unali utachita dzimbiri, unakana kutseguka. Malemu anali atapulumuka kale, koma atamva kukuwa anabwerera mu utsi momwemo, natsegula wawo, chingwe n'kuduka kamodzin'kamodzi. Malemu anatuluka m'motomo atabereka mnzawoyo kumsana. Zipsera zimene zinali pamkono pawo zinali za tsiku limenelo. Sankafuna kuti nkhaniyi izikambidwa, ndiye atikhululukire, lero taikamba.

Mu 2003, nyama zitachepa ndiponso malamulo atakhwima, anasiya uzimba nalimbikira ulimi wa thonje ndi mtedza.

Mu 2016 anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa ziwalo. Anasamukira ku Kapata kwa mwana wawo Mayi Leticia, koma zongokhala pakhonde anazikana kwamtuwagalu. Anaitanitsa mwala wawo kumudzi, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu anaphunzira kunola ndi dzanja lamanzere, mwala atapanikiza ndi mapazi. Anadzicheka kangapo. Ana awo anabisa mwalawo pofuna kuwaletsa, iwo n'kukana kudya mpaka unabwezedwa. Posakhalitsa amayi amumsika ndi ogulitsa nyama anayamba kubwera ndi mipeni yawo, ndipo wobweretsa wadzimbiri ankayamba wadzudzulidwa kaye, kenaka n'kuthandizidwa.

Pa 3 Febuluwale 2025 matenda aja anawagwiranso ali pa ntchito yawo. Tinathamangira nawo kuchipatala, kumene analimbana nawo masiku asanu ndi atatu. Atalandira sakramenti la odwala, anatisiya m'mawa wa pa 11 Febuluwale, ali ndi zaka 70.

Asiya mayi a kunyumba, ana anayi, Limbani, Leticia, Rhoda ndi Magalita, komanso zidzukulu khumi ndi zitatu. Ife a banja tikuthokoza anamwino ndi madokotala, abambo ansembe, a mphakati wa ku Kapata, adzukulu okumba manda, ndi amayi amumsika amene atseka malonda awo kuti atiperekeze. Kwa inu amene munasiya mipeni yanu kwa malemu, mukaitenge kwa Mayi Leticia mwambo ukatha. Inalipo isanu ndi umodzi, ndipo yonse anali ataimaliza.

Bambo Petulo Shawa, mwagwira ntchito, pumulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.