Mayi Ifunseni, Foniyo Isiyeni Patebulo

Abwana wamkulu, achiwiri awo, akuluakulu a nthambi zonse, abambo a kunyumba kwa mayi athuwa, ana ndi zidzukulu, anzanga a m'chipinda cha makompyuta, ndi inu madalaivala amene mwaima kumbuyoko pafupi ndi zakumwa, ndakuonani nonse. Takulandirani.

Andipatsa mphindi zochepa kuti ndiyamikire Mayi Ifunseni pamene akupuma pa ntchito. Amene anandisankhayo sanaganize bwino. M'kampani muno mulibe munthu amene wawachitira mayiwa nsanje kuposa ine. Ndikunena poyera, amuna awo ali pompano. Ndipo pali nkhani imodzi imene ndikufuna ithe ndisanakhale pansi. Ndi ya foni yakuda yong'aluka galasi imene ili m'chikwama mwawomo. Foniyo ndi ya kampani. Pulogalamu yathu ya pakompyuta yoyendetsa malole ikadwala, imalira ndi imeneyo. Ndamva kuti abwana akufuna mayiwa apite nayo kunyumba, azitithandizabe mwa apo ndi apo. Tibwererako.

Inu a kubanja mwina simudziwa kumene dzina la Ifunseni linachokera. Pulogalamu yathu sigwira ntchito ngati munthu mmodzi. Mkati mwake muli tiantchito tambirimbiri tothamanga nthawi imodzi. Kena kakulandira uthenga wa lole, kena kakusankha njira, kena kakulemba katundu. Ife timatitcha mathiredi. Ukamapanga thiredi umailembera zofuna zako: ikhale ndi malo aakulu chonchi oikapo zinthu zake, amene timati sitaki, iziyenda patsogolo pa zinzake kapena pambuyo. Koma kupempha n'kwina, kulandira n'kwina. Makina amatha kukupatsa zosiyana ndi zimene unalemba, osakuuza n'komwe.

Mayiwa anafika kuno ali mtsikana wa magalasi aakulu ngati mawindo a basi. Tsiku lomwelo anawapatsa desiki ya pawindo. Ine ndinawatsogolera kubwera, koma anandisiya pakhomo, pamene pamawomba mphepo. Nsanje yanga inabadwira pamenepo.

Ntchito yawo yoyamba inandisangalatsa kwambiri, chifukwa inkagwa. M'mawa uliwonse malole akayamba kutumiza mauthenga pamodzi, pulogalamu inkangoti khu, basi. Madalaivala ankakhala pageti n'kumasewera makhadi. Ena a inu kumbuyoko mukukumbuka, ndikukuonani mukuseka. Tikati mwina malo a thiredi achepa, mayiwa ankagogoda galasi la kompyuta ndi chala. "Ndinaipatsa malo okwanira. Si apa ndinalemba? Simutha kuwerenga?" Mpaka anaitanitsa munthu amene anatigulitsa makinawo, n'kumuuza kuti watigulitsa zinyalala. Munthu wa Mulunguyo anabwerera thukuta lili kamukamu.

Kenako tsiku lina anatopa n'kukangana ndi anthu. Analemba timizere tochepa toti thiredi yomwe ikuthamangayo inene yokha kuti ili ndi malo aakulu bwanji. Thiredi inayankha. Malo ake anali kachibenthu chabe ka zimene iwo ankalumbirira. Zofuna zija analembadi bwinobwino, koma popanga thiredi anaiwala kuipatsira. Zinali ngati kumulongedzera mwana kamba, n'kusiya kambayo patebulo, mwana n'kupita kusukulu chimanjamanja.

Ndinaseka sabata yonse. Ndinkati basi, windo lija ndi langa. Koma taonani chilungamo cha padziko. Ine ndikalakwitsa ndimalandira kalata yochenjeza. Iwo analakwitsa kamodzi, analandira dzina.

Kuyambira pamenepo m'chipinda mwathu munalowa funso limodzi. Ubwere kuti, "Amayi, thiredi yanga ndaiika patsogolo koma ikuchedwabe." Iwo osatembenuka n'komwe: "Mwaifunsa?" Iwe n'kuti, "Ndinalemba ndekha." Iwo: "Sindikufunsa zimene munalemba. Ifunseni ili mkati mothamanga." Ukaifunsa, upeza kuti yangotengera khalidwe la thiredi imene inaibereka, zako zija yazitaya uko. Amati fodya ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Lero pulogalamu iliyonse ya m'kampani muno ikamayamba, mathiredi ake amanena okha zimene alandira. Ndi ntchito ya mayiwa imeneyo.

Ndipo ndamva kuti matendawa anafika ndi kunyumba. Abambo akati, "Matayala ndapopa," mayi amatulutsa choyezera mpweya, ati tiyeni tilifunse tayalalo. Abambo, ndikunama? Onani, akuyang'ana pansi. Mdzukulu akati wasamba, agogo amakafunsa kuseri kwa makutu.

Tsono ganizirani za ine. Desiki yanga ili pakhomo. Aliyense wobwera ndi vuto amayamba wadutsa pa ine. Ndimakonza tayi, n'kutsokomola pang'ono kuti andione. Munthu amandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Alipo?" Zaka zonsezi. Ndinapita kusukulu ngati iwo, ndili ndi mapepala ngati iwo, koma ntchito yanga yaikulu inali kuyankha kuti alipo. N'chifukwa chake ana a muofesi amanditcha Bambo Alipo. Mumayesa sindidziwa.

Koma chimene chinkandidya mtima kwenikweni ndi foni ija. Inkalira kwa iwo okha. Loweruka ndinkaika yanga patebulo, ndikuiyang'ana, ili zii. Akazi anga ankati ndithokoze Mulungu. Ine ndinkangomva kuti kampani yonse yagwirizana kuti ndilibe ntchito. Mukapita kunyumba kwa mayiwa, pabalaza pali chithunzi cha tsiku limene mwana wawo wamkaziyu ankalandira digiri. Abambo akumwetulira. Mwana akumwetulira. Mayi ayang'ana kumbali, foni ili pakhutu, chala china chatseka khutu linalo. Aliyense akachiona amati, kalanga ine. Ine nditachiona ndinati, anthu ena amafunidwa.

Achemwali, nthabwala ndiike pambali pang'ono. Zikomo. Malole a kampani ino akhala akutuluka pageti m'mawa uliwonse chifukwa cha inu, ndipo ana athu tonse adya ndi kuphunzira chifukwa malolewo amatuluka. Simunabisepo nzeru. Munkakoka mpando wanu kuchoka pawindo kudzakhala nane pamphepo, kundionetsa mzere ndi mzere, ine nditatupa ngati chule. Anthu munkawabweza kuti, "Pitani kwa wapakhomoyo, amadziwa." Ankabwera, ndinkawathandiza, kenako ankazembera kwa inu kukafunsa ngati ndanena zoona. Simunandiululire, koma ndinkawaona. Nsanje yanga munkaidziwa, ndipo tiyi munkandithirirabe.

Tsopano tibwerere ku foni. Pokonza phwandoli ndamva zambiri zokhudza moyo umene mayiwa akukayamba. Abwana ati kunyumba akasowa chochita, bola apite ndi foni. A komiti agula mpando wogonera uli apowo, ati azikapuma pakhonde. Abambo ayamba kale kumanga khola, ati aziweta nkhuku limodzi. Mwana wawo wandinong'oneza kuti vuto la wolera ana latha. Aliyense walemba zofuna zake. Ndinakhala pansi n'kuganiza kuti, zaka zonsezi mayiwa akutiphunzitsa chinthu chimodzi chokha, ndipo palibe amene wawafunsa eni akewo.

Lachitatu ndinadikira kuti anzathu apite kokadya. Ndinati, "Achemwali, inuyo mukufuna chiyani?" Anavula magalasi. Anawaika padesiki. Kenako anati, "Ndikufuna kusambira." Ndinati, pepani, sindinamve. Anati, "Chibadwire sindinalowepo m'madzi opitirira m'mawondo. Ndalembetsa kale kudziwe losambiramo lija la kuseri kwa sukulu. Ndagula ndi kachipewa kamphira komwe." Anatsegula kabati ya desiki, n'kundionetsa. Ndi kachikasu, abale anga.

Musaseke kwambiri, chifukwa anapitiriza. Anati, "Mukudziwa chimene ndakondera madzi? Foni salowa nayo." Ndinawafunsa kuti bwanji osangowauza abwana. Anati abwana anawasunga bwino, pakamwa pakulemera. Ndinati ndiye ndikanene ine paphwando. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira pulogalamu yokayikitsa, n'kuti, "Mukanena, foniyo mutenga ndinu."

Abwana, ndanena. Thiredi taifunsa, yayankha, ndipo yankho lake si limene tinalemba. Foniyo asapite nayo. Mundipatse ine. Ndaisirira moyo wanga wonse, ndipo ndikuuzeni zoona, chiyambire Lachitatu ndikuiopa. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndikalakwitsa, mudzandilembere kalata, ndinazolowera. Mwavomera? Nonse mwaona, agwedeza mutu. Madalaivala, ndinu mboni.

Achemwali, tsegulani chikwamacho. Musachite kuisisita, si mwana. Isiyeni patebulo. Eya. Abambo, nkhukuzo muziweta nokha m'mawa, mayi ali ndi kalasi. Iwe mwana, wolera ana ukafune wina. Mpando wogonerawo tengani ndithu, akatuluka m'madzi azikaumirapo.

Ndaitenga. Ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Ndipo taonani tsoka langa. Ndalandira chimene ndinkalirira, windo lija Lolemba ndi langanso, koma ndayamba kale nsanje ina. Ine ndizikhala ndi ichi pakhutu, iwo akuyandama chagada atavala kachipewa kachikasu.

Mukapume bwino, Mayi Ifunseni. Mukamwe madzi ochepa posambirapo. Mukakhale ndi moyo wautali, mudzaone zidzukulutudzi, ndipo pachithunzi chotsatira mudzayang'ane kutsogolo.

Mwamva? Si nthabwala, foni ikuliradi. Ayi, achemwali, khalani pansi. Bwezani dzanjalo. Abambo, agwireni. Sikulira inu, ikulira ine.

Anzanga, imirirani nonse. Ine ndikutuluka kukayankha. Inu awombereni m'manja mayiwa, mwamphamvu ndithu, mpaka asaimvenso.