Kabokosi Kamene Kanalumpha Chinkhoswe Chathu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, a ku Joni kuno ndi a kumudzi komwe. Ine ndine make Tadala, kwathu ndi ku Dedza. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mwamuna wanga anandiiwala, tikugona m'nyumba imodzi.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, tikuchita lendi kachipinda ku Bapong. Bambo a Tadala ankagwira ntchito ya kontilakiti pansi pa mgodi wa pulatinamu, ndipo tsiku lina mwala unawagwera m'mutu. Anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo, ife n'kumati zatha, osadziwa kuti zaka zonse za banja lathu zafufutika m'mutu mwawo. Sukulu yawo ya pulayimale ankaikumbukira, ng'ombe za malume awo ankazitchula ndi mayina omwe, koma ine ayi. Ndikawaikira madzi osamba ankathokoza ngati mlendo: "Zikomo mayi, mwavutika." Mwana wawo yemwe ankamutchula kuti mwana wa mayi awa.

Zinandipweteka, sindibisa. Komanso ine ndine wa mtima wapachala, moti masiku ena ndinkawakalipira ngati akuchitira dala, kenako n'kukalira kuseri kwa nyumba. Anzanga ena anayamba kundiuza kuti ndiwatumize kwa abale awo, ine ndione zina ndidakali mtsikana. Pemphero langa linafupika mpaka kutsala mawu ochepa: Ambuye, angondidziwa basi, zinazo musavutike nazo.

Kutchalitchi kwathu ku Segwaelane kunali mayi wina wa Chitswana, Mma Lerato, amene ankalemba zolengeza za mpingo pa kompyuta ya mu ofesi. Atamva nkhani yanga anati tibwere tonse awiri Loweruka. Ndinapita monyinyirika, poti zimene zakanika madokotala, makina olembera angazitani?

Mma Lerato anatsegula pulogalamu yolembera makalata, n'kuligoneka pepala chopingasa, n'kujambula mzere wautali kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Anati mzerewu ndi moyo wa munthu. Chinthu chachikulu chilichonse ankachilemba m'kabokosi kake, n'kukalumikiza ndi kamzere kakang'ono ku chaka chake. Bambo a Tadala ananena za kumanzere, kubadwa kwawo, sukulu, ubusa wa ng'ombe. Atafika pamene nzeru zawo zinathera, ine ndinapitiriza: chinkhoswe chathu, kubadwa kwa Tadala, ulendo wawo wa ku Joni, ngozi ija. Titamaliza ndinakumbukira kuti tasiya nthawi imene ine ndi mwana tinawatsatira kuno. Mma Lerato anapanikiza kabokosi kena pakati pa tinzake, n'kusindikiza pepalalo mwachangu kuti tikapeze tekisi.

M'tekisi muja bambowo anagwira pepalalo, chala chikuyenda pang'onopang'ono pamzere. Mwadzidzidzi anakweza mawu, anthu onse n'kucheuka.

"Walemba bodzali ndani?"

Ndinasuzumira papepalapo. Kabokosi koonjezera kaja kanali katakankha tinzake, ka Tadala n'kulumphira kumanzere kwa ka chinkhoswe, ngati kuti mwanayo anabadwa tisanatengane.

"Ine sindinabe mwana wa munthu ayi," anatero, maso ali psuu. "Malume anabwera kwanu ndi tambala, anthu akuona. Mvula inatinyowetsa tonse panjira, iwe n'kumaseka nsapato zanga zobwereka. Tadala wabwera pambuyo, Nabanda. Usalole anthu azikunena."

Abale anga, ndinalira mokweza, osasamala kuti ndili pagulu. Mayi wina amene anakhala pambali panga anaganiza kuti bambowo andinyoza, anayamba kuwazazira m'Chitswana. Ine misozi ili chuchuchu, kuseka ndikuseka, ndikumugwira mkono kuti awaleke.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera tsiku lomwelo. Zina zinabwera mwapang'onopang'ono, zina sizinabwere mpaka lero, ndipo pansi pa mgodi sanalowenso. Mma Lerato atamva anachita manyazi, anati ndibweretse pepalalo akonze, ndi ntchito ya kamphindi chabe. Ndinamukumbatira, koma pepala ndinamukaniza.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi ameneyu, amene anapereka Loweruka lake kwa alendo osadziwa n'komwe chilankhulo chake bwinobwino. Ndipo inu amene mukusamalira wodwala woti sakukuzindikirani, mukumusambitsa, iye n'kumakufunsani dzina, musatope ndipo musasiye kupemphera, ngakhale pemphero litafupika ngati langa lija. Yankho silibwera nthawi zonse m'njira imene taikonzekera. Ine ndinkayembekeza kuti adzandikumbukira mwakachetechete, tili awiri m'nyumba. Koma Ambuye anandibwezera mwamuna wanga akukalipa m'tekisi, akuteteza ulemu wa mkazi wake.